Wosauka Akapemphere Kuti?

Abale ndi alongo a m'midzi, inu amene muwerenga tsamba lino mwezi ndi mwezi, lero tadza ndi mlandu. Mlanduwu ngwa ku Blantyre. Koma musauyese wakutali, pakuti ana anu ali komweko, ndipo cimene ciyamba m'tauni caka cino cifika kumudzi caka ca mawa. Tifuna kutsutsana ndi akuru a mipingo, ndi makomiti a zomangamanga, ndi Akristu onse amene ayesa kuti mtengo woima pabwalo la nyumba ya Mulungu uli cabe, ndi kuti malo osamangapo kanthu ndiwo malo otayika. Ife titi: mpingo uli wonse wa ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri uyenera kupatula kamunda ka mitengo pambali pa chalichi cace, kuti munthu wolema mtima akhalemo cete pamaso pa Mulungu. Mpingo wokhala nao malo, nukana kutero, ulanda wosauka cipinda cace copemphereramo.

Tiyambe ndi cimene tinaona ndi maso athu. Pa mpingo wina wa m'malokeshoni amenewa, umene sitiuchula dzina, kuseri kwa chalichi kunali mitengo isanu ya mango ndi mkuyu umodzi waukuru. Pansi pa mkuyuwo wina anakhazikapo thabwa pa njerwa. Poweruka ku sukulu njira yathu inali pomwepo, ndipo kawirikawiri tinali kupezapo munthu ali yekha: tsiku lina amai ena amasiye ogulitsa makala a m'timajumbo, tsiku lina mnyamata amene anayenda dzuwa lonse m'mafakitale a ku Makata kufuna nchito, osaipeza, tsiku lina agogo a Mvano, Buku liri pamiyendo. Sanali kulankhula ndi munthu, ifenso sitinawafunse kanthu. Tsono bwalo la akuru linapangana kuti pamalopo pamangidwe masitolo a lendi, mpingo upezepo ndalama. Mitengo inagwa masiku awiri okha, ndipo nkhuni zace zinaochera njerwa za masitolowo. Lero pali zitseko zinai zacitsulo. Pa cimodzi ca izo agulitsa nyimbo, ndipo cimkuzamau cilira pakhomo kuyambira m'mawa kufikira usiku. Tsiku lina tinakomana nao pamseu amai amasiye aja, ndi kuwafunsa kumene apemphera masiku ano. Anati, "Aphunzitsi, ndingopempherera m'njira, dengu liri pamutu." Sananene modandaula ai, koma ife tinacita manyazi, popeza pa msonkhano uja tinalipo, ndipo tinakhala duu, osatsutsa.

Kapena inu a kumudzi simumva kulemera kwace kwa mau a amaiwo, cifukwa kwanu bata liri laulere. Mtima ukawawa mutenga khasu ndi kupita kudimba, kapena mukhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo palibe wokusokonezani koma njiwa ndi pumbwa. M'tauni si momwemo. Pa kalembera wa 2018 anawerenga anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo unyinji wao ukhala mothinana. Banja la anthu asanu ndi awiri ligona m'zipinda ziwiri, kapena m'cimodzi cogawa ndi nsaru. Mnansi akatsokomola mumva. Kuseri kuli cigayo, kumaso kuli malo a mowa, pamseu oitanira minibasi apfuula. Ambuye wathu, pa Mateyu 6, anatilangiza kuti pemphero lathu licitike m'tseri, titadzitsekera. Nanga iye wopanda cipinda cace, ndi wopanda citseko cimene angatseke, acite ciani? Wacuma wa ku Nyambadwe, kumene kupenyana ndi Ndirande, ali nao mpanda, kapinga ndi mthunzi wa mitengo yace. Akafuna kukhala yekha angoturuka pakhomo. Mudzati, Wosaukayo apite ku chalichi. Tapitaniko Laciwiri masana, mukaone. Mudzapeza loko pacitseko cifukwa ca akuba. Ndipo mukapeza potsegula, ndiye kuti a kwaya alimo, ali kuyesa zoimbira zao zamagetsi.

Cifukwa cace anthu athawira kumapiri. Ali yense wokhala m'Blantyre adziwa kuti pa Ndirande, pa Soche, pa Michiru ndi pa phiri la Bangwe pakwera anthu m'mamawa ndi usiku kukapemphera ndi kusala kudya. Ife sitiwanyoza, pakuti Ambuye mwini anali kukwera kuphiri kukapemphera payekha. Njala yao njoona, ndipo mapazi ao atitsutsa ife akuru a mipingo: afuna kunja cimene tawamana pakhomo. Koma mapiriwo ali bwanji tsopano? Phiri la Ndirande, limene akuru alikumbukira liri bii ndi mitengo, linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, kotero kuti wopempherayo akhala pathanthwe, dzuwa liri paliwombo. Pa Soche anthu anadula mitengo ndi kumanga nyumba kukwera nazo m'mwamba. Ndipo m'mwezi wa March, 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsikira pa Chilobwe ndi pa Manja, pafupi ndi Zingwangwa, nizikwirira nyumba pamodzi ndi eni ace. Anafa anthu mazanamazana m'Cigawo ca Kumwera. Sitinena kuti nkhwangwa yokha ndiyo inacita zimenezi, pakuti mvulayo inali yoopsa ndithu. Koma tonse tidziwa kuti phiri lobvula siligwira dothi lace. Ku Michiru, kumene nkhalango inatsalako, oocha makala alowako kwambiri m'zaka zapitazi. Ndipo ngakhale munthu apirire dzuwa ndi citunda, bata salipeza nthawi zonse. Apeza gulu pa thanthwe ili ndi gulu pa thanthwe ilo, lonse lipikisana ndi linzace pa kupfuula. Mkazi wopita yekha usiku aopa acifwamba. Ena aphunzitsanso kuti Mulungu amva msanga paphiri koposa pakhomo, cimene Ambuye anacikana poceza ndi mkazi wa ku Samariya pa citsime.

Tiyamike pamene payenera kuyamika. Abale athu Akatolika a ku Chilomoni ali nayo Njira ya Mtanda pa phiri la Michiru. Pamwamba pace pali mtanda waukuru, wofanizira uja wa pa phiri la Križevac ku Medjugorje, m'dziko la Bosnia ndi Herzegovina, umene anthu a kumeneko anauimika mu 1934. M'njiramo muli malo oimapo, okumbutsa zowawa za Ambuye kucokera pa mlandu wace kufikira kumanda. Pa Lacisanu Loyera likwera khamu. Masiku ena munthu akwera yekha, ndipo a mipingo ina akweranso. Zimenezi zitionetsa kuti malo a pemphero opatulidwa panja anthu awafuna, nawalemekeza. Koma njirayo njokwera. Nkhalamba ya ndodo siifika. Mai wapakati saifika. Wongoturuka m'cipatala saifika. Wanchito wokhala ndi ola limodzi lopuma saifika. Ndipo wa ku Bangwe ayenera kulipira minibasi ziwiri asanaone phazi la phirilo. Comweconso nyumba zopumulirako ndi kuphunzira, monga Likhubula m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi Chilema ku Malosa: nzabwino, koma zifuna ulendo ndi ndalama, ndipo wogulitsa makala sadzazipenya m'moyo wace wonse. Cofunika ndico malo apafupi, ofikako ndi miyendo, osalipira.

Tsono wina adzafunsa, Kodi zimenezi ziri m'Buku Lopatulika? Zirimo kuyambira pa ciyambi. Munthu woyamba Mulungu anamuika m'munda, nampatsa nchito ya kuulima ndi kuusunga, ndipo m'mundamo ndimo anali kulankhula naye. Isake anaturuka kuthengo madzulo kukalingalira. Natanayeli Ambuye anamuona ali pansi pa mkuyu asanaitanidwe. Koposa zonse kumbukirani Getsemane. Yohane, pa mutu 18, atiuza kuti patsidya pa mtsinje wa Kedroni panali munda, ndi kuti Yudase anawadziwa malowo cifukwa Yesu anazolowera kusonkhanako ndi ophunzira ace. Cherani khutu apa. Pa nyengo ya Paskha Yerusalemu anadzala anthu monga udzalira msika wa Limbe pakutha pa mwezi. Kacisi analipo, wamkuru ndi wokongola, koma m'mabwalo mwace munali ogula ndi ogulitsa. Ndipo Mwana wa Mulungu, amene analibe nyumba yaceyace, pofuna kulimbana ndi cikho cace anapita pansi pa mitengo ya azitona, ulendo waufupi kucokera ku linga la mudzi. Kukadakhala kuti eni mundawo anauyesa malo otayika, namangapo masitolo, Ambuye akadagwada kuti usiku uja? Manda acenso anali m'munda, ndipo m'mawa wa kuuka kwace Mariya wa Magadala anamuyesa wosunga mundawo.

Timve tsopano otsutsa, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi.

Oyamba ati, Malo a m'tauni ndi ndalama, ndipo mpingo uli ndi zosowa zambiri. Tibvomera kuti zosowa ziripo: mbusa adye, denga lodontha likonzedwe, amasiye athandizidwe. Sitikana holo, sitikana sitolo. Koma tiyeni tiyese ndi cingwe. Kamunda kamene tipempha ndi ka mamita 15 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndiwo malo oimikapo galimoto zisanu ndi imodzi. Taonani, mipingo yambiri yapeza malo a galimoto za anthu owerengeka, niwathira simenti, koma yasowa malo a mitima ya anthu mazana odza pansi. Pepa Sande icitika ya matailosi, ya mpanda wa njerwa, ya zoimbira zatsopano. Kodi munamvapo Pepa Sande ya mitengo? Akuru anati, Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere; ndipo chalichi conyezimira cimene wosweka mtima sapezapo pokhala ciri cotero. Kumbukiraninso kuti sitolo imangidwa miyezi itatu, koma mthunzi wa mbawa ufuna zaka makumi. Cimene bwalo ligwetsa ndi kukweza manja kamodzi, zidzukulu zathu ndizo zidzacibwezera. Ndipo pamene mkazi uja anatsanulira mafuta a mtengo wapatali pa mapazi a Ambuye, mudziwa dzina la wophunzira amene anafulumira kuwerenga ndalama zace.

Aciwiri ati, Pemphero lamphamvu ndilo lopfuula. Kukhala cete ndiko kuzilala. Ife tikonda nyimbo, tikonda ng'oma ndi nthungululu, ndipo mpingo wosaimba ndi mtima wonse sitiufuna. Koma pa phiri la Karimeli opfuula kuyambira m'mawa kufikira madzulo anali aneneri a Baala. Pemphero la Eliya linali lalifupi, ndipo moto unatsika. Eliya yemweyo pa Horebu anaona mphepo, cibvomezi ndi moto zirikupita, Mulungu osakhalamo, ndipo pambuyo pace anamva kaliu kakang'ono, napfunda nkhope yace. Hana anapempha mwana milomo yokha irikugwedezeka, kotero kuti Eli anamuyesa woledzera. Koma Samueli anabadwa. Nanga ife tatani? Tamangirira zimkuzamau pa madenga, ticezera nazo usiku wonse, ndipo wodwala wa nyumba yoyandikana sagona, khanda siligona. Ife aphunzitsi tiwadziwa ana a pafupi ndi mapemphero otere, pakuti m'mawa mwace aodzera m'kalasi. Ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Pemphero ndilo kuceza kwa awiri. Mwana wolowa kwa atate wace, nalankhula osapuma, naturuka asanamve yankho, kodi timuyesa waulemu? Ambiri a ife sitinamve Mulungu alikutitsutsa za ngongole imene sitinabweze, kapena za mbale amene sitinamkhululukire, cifukwa sitimpatsa mpata. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Acitatu ati, Kupemphera pansi pa mitengo ndico cikunja. Zoona, makolo athu anamanga tiakacisi patsinde pa msolo ndi mpoza, nathirapo nsembe ya ufa ndi mowa. Duff Macdonald, amene anali mbusa pa Mishoni ya Blantyre kuyambira 1878 kufikira 1881, analemba m'buku lace Africana, la 1882, kuti anthu a mfumu Kapeni anali kupempha mvula kwa mzimu wa Kankhomba, mfumu yakale ya eni dziko, pa phiri la Soche. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, ya Mbona, isungidwa kufikira lero. Ife sitiitana munthu kubwerera ku nsembezo. Tipemphera kwa Mlengi wa mtengo m'dzina la Yesu Kristu. Koma tiyenera kucita manyazi ndi ici: iwo, poopa mizimu, anaikaniza nkhwangwa pa malo ao opatulika, ndipo ife amene titi tidziwa Mlengi mwini tidula kufikira pakhonde pa nyumba yace. M'midzi yambiri msitu wotsala ndiwo wa kumanda wokha. Akufa tawasungira mthunzi, amoyo tawaleka padzuwa. Ndipo ngati mufuna citsanzo ca Akristu, penyani ku Ethiopia, dziko limene linalandira Cikristu m'zaka za m'ma 300. Kumpoto kwa dzikolo, kumene minda ndi ziweto zinatha mitengo, nkhalango zotsala ziri zozinga machalichi, zikwi zambiri, cifukwa ansembe ndi anthu ao aziyesa cobvala ca nyumba ya Mulungu, ndipo ena azimangira malinga a miyala kuti ng'ombe zisalowemo. Ndani adzawacha akunja?

Acinai ati, Minda ya maluwa ndi mwambo wa Azungu, maluwa sadyedwa. Nzoona kuti oyambitsa Mishoni ya Blantyre anakonda minda. Pamene Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, anasankha malo pakati pa Ndirande ndi Soche, ndipo a Eklesia wa ku Scotland anafikapo mu October, 1876, m'gulu lao munali wolima munda, John Buchanan. Mu 1878 Jonathan Duncan anadza ndi mbande za khofi zocokera ku Edinburgh, ndipo imodzi yokha inapulumuka. Sitibisa kuti minda imeneyo inali nayo mbali ina yowawa: khofi anakopa Azungu a maesiteti, malo a makolo anatengedwa, ndipo thangata linatsata. Zotere sitizipempha. Koma cinthu cimodzi anacidziwa. Chalichi ca St Michael and All Angels, cimene anthu a dziko lino anacimanga ndi manja ao kuyambira 1888 kufikira 1891, David Clement Scott alikuwatsogolera, ciima pakati pa mitengo; ndipo wopatuka pamseu waukuru kulowa pa mishonipo amva phokoso lirikutsalira m'mbuyo. Kodi ici ciyenera a pa mishoni okha? Mwambowo suli wa Azungu okha ai. Augustine wa ku Hippo, mphunzitsi wamkuru wa Eklesia, anali wa mu Afrika muno, wobadwira m'dziko limene lero licedwa Algeria. Ndipo anatembenuka mtima mu 386 ali m'munda ku Milan, atalira pansi pa mkuyu ndi kuwerenga kalata wa Paulo kwa Aroma. Ku England, mu 1992, mbusa Philip Roderick anayamba nchito ya Quiet Garden pa mudzi wa Stoke Poges, yakuti eni minda azitsegulira anzao masiku oikika kuti adzapemphere mwa cete, ndipo nchitoyo inafalikira ku maiko ena. Ngati iwo a nyumba za zipinda zambiri anaona kusowa kumeneku, nanga ife? Kunena za kudya, bzalani mango, mapeyala ndi magwafa. Ana a Sande Sukulu adzayankha ngati mundawo udyedwa.

Acisanu ati, Mudzabisala akuba, anyamata ndi atsikana adzacitiramo zonyansa, mudzakhala njoka. Kodi munthu aocha nkhokwe cifukwa ca makoswe? Munda wosesedwa, wa mpanda waufupi woonekera, wotsegulidwa poturuka dzuwa ndi kutsekedwa polowa, subisa kanthu. Akuru a mpingo opuma pa nchito, ndi amai a Mvano, agawane masiku, wina azikhala capatali ndi tsace lace kapena ndi Buku lace. Ndipo mlonda wotereyu ali ndi nchito yoposa kuingitsa mbuzi. Tamva maliro ambiri a abambo ndi anyamata amene anadzicotsera moyo cifukwa ca ngongole ndi mabvuto a m'banja, osauza munthu. Sitinena kuti mthunzi wa mtengo ubweza ngongole. Koma munthu amene wapeza pokhala pansi, nalira osapenyedwa ndi khamu, naona pafupi mkuru wofatsa wosamfulumiza, kawirikawiri adzatsegula pakamwa. Ndipo wotsegula pakamwa athandizika.

Tsono ticite ciani? Coyamba, bwalo la akuru liyese malo ndi cingwe, likhome zikhomo, ndi kulemba m'buku la mfundo zace kuti pamenepa sipadzamangidwa kanthu; pakuti cosalembedwa komiti ya mawa idzaciiwala. Caciwiri, maenje akumbidwe mu October kapena November, ofika m'bondo, athiridwe manyowa, ndipo mbande zibzalidwe mvula itakhazikika, mu December kapena January. Mbande zipezeka ku nazale za a zankhalango, kapena ana a sukulu afese okha m'timacubu. Pakati pakhale mbawa imodzi kapena mthethe. M'mbali mango, peyala ndi gwafa. Kumseu mzere wa nsungwi, ucinjirize pfumbi ndi maso a opita. Kacere ndi mkuyu zikhale kutali ndi khoma, pakuti mizu yace ing'amba maziko. Bulugamu mumleke, amwa madzi ambiri ndipo mthunzi wace ngwocepa. Cacitatu, mtengo uli wonse ukhale ndi mwini: uwu wa kalasi ya obatizidwa, uwu wa Mvano, uwu wa acinyamata, authirire m'cilimwe zaka ziwiri zoyamba ndi kuucinga ndi njerwa kapena dengu lakutha. Cacinai, mipando ikhale itatu kapena inai, yotalikirana, ngakhale ya thabwa pa njerwa monga uja tinanena. Cacisanu, malamulo akhale owerengeka, koma osungika: m'mundamo mulibe cimkuzamau, mulibe ulaliki, mulibe copereka, mulibe malonda, foni izimitsidwe, ndipo wolowamo asafunsidwe kuti ngwa mpingo uti. Mipingo yaing'ono yosonkhana m'makalasi a sukulu, yopanda malo aoao, igwirizane itatu kapena inai ipemphe kadanga kwa mfumu kapena kwa khonsolo, ngakhale m'mbali mwa Nasolo, Mudi kapena Naperi, mitsinje imene ifuna mitengo monga ife tiifunira. Ndipo Mkristu wa ku Machinjiri wokhala ndi poloti lalikuru la mitengo angathe kutsegula cipata cace Lacitatu masana, anansi ace adzakhalemo cete ola limodzi.

Inu a kumudzi, mlanduwu ukukhudzaninso. Matumba a makala amene akwera pa njinga m'mseu wa Chileka ndi wa Chikwawa kulowa m'Blantyre ndiyo mitengo yanu. Ndipo matenda a m'tauni ayamba kufika: taona nyumba zopemphereramo za m'midzi zimene, pofuna njerwa za chalichi catsopano, zinagwetsa mtengo womwewo umene sukulu yoyamba inasonkhana pansi pace, nizitsala pa mtetete, mbuzi zokha zirikubisala m'khonde. Musatero. Zingani mitengo ya pa chalichi canu lero, malo akali ocuruka ndi osagula, m'mera mpoyamba. Polankhula ndi ana anu a m'tauni afunseni ngati pa mpingo pao pali pokhala munthu yekha. Ndipo podzaceza kwao muwatengere mbande m'malo mwa thumba la makala. Atumiki anu opita ku Presbiteri akanene mau amenewa, kuti mpingo wopempha cilolezo ca kumanga uyambe waonetsa pamene wasiya mitengo.

Ife amene tinakhala duu tsiku lija tayamba kubweza mlandu wathu. Kuseri kwa masitolo aja kwatsala kadanga ka miyala, kumene atayako zinyalala. Talemba kalata ku bwalo la akuru kupempha malowo, ndipo anyamata a kalasi yathu alonjeza kukumba maenje asanu ndi limodzi. Amai amasiye aja atamva anati adzathirira mtengo umodzi, ngakhale madzi awagula pa ndowa. Bwalo likhala mwezi wa mawa. Mutipempherere, abale, kuti ulendo uno tikaimirire ndi kunena.